Chipinda Chimene Wietske Anagula ndi Mapiritsi

Banja la a Douwe Terpstra ndi akazi awo a Afke linali banja labwino, ndipo aliyense m'mudzi mwathu muno angakuuzeni zomwezo. A Douwe ankaweta ng'ombe zamkaka. A Afke ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, Lamlungu n'kumaimba kwaya kutchalitchi. M'nyumba mwawo simunkamveka kukalipirana. Chakudya chamadzulo chinali mbatatesi, masamba ndi kanyama pang'ono, ndipo palibe ankagwira foloko asanapemphere.

Mwana anali mmodzi yekha, Wietske.

Wietske anali wanzeru ndi wachifundo, koma kukhazikika ndiye kunalibe. Akamutuma kukhola kukaitana bambo ake, ankapezeka atagwada m'mbali mwa ngalande akuonerera tiana ta bakha. Makiyi a njinga, magolovesi, zipewa, zonse ankataya ngati pali wina akumulipira. Aphunzitsi ena ankati ndi waulesi. Sanali waulesi. Ankakhala pabuku nthawi yaitali kuposa anzake, koma maso akamawerenga, mutu unali utapita kale kwina.

Ali kusekondale, dokotala anamuyeza n'kunena kuti ali ndi ADHD, vuto lija lochititsa maganizo kudumphadumpha, pakamwa n'kumathamanga kuposa mutu. Anamulembera mapiritsi. Tsiku limenelo Wietske analira m'galimoto pobwerera.

"Ukulira chiyani?" anafunsa a Afke. "Anzako amavala magalasi, iwe uzimwa mapiritsi. Si tchimo limeneli, komanso si ulesi. Tsopano tadziwa chochita. Pukuta misozi, tikagule buledi."

Anapezadi chochita. Piritsi loyamba ankamwa pamodzi ndi chakudya cham'mawa, enawo foni inkamukumbutsa. Kuchipinda kwake sankawerengerako, chifukwa akakhala yekha ankayamba kukonza makabati. Ankawerengera patebulo la kukhitchini mayi ake akusita pambali. Akawerenga pang'ono ankakwera njinga, kuzungulira munda, n'kubwereranso pabuku. Zinali zotopetsa, koma zinathandiza. Wietske anakhoza mayeso ndipo anamulandira ku koleji ya unamwino mumzinda wa Groningen. Unamwino ndiwo unali mtima wake wonse. Kuyambira ali wamng'ono ankamanga mabandeji ana a ng'ombe osadwala n'komwe.

Koleji imeneyo inali ndi lamulo lake: wolephera chaka choyamba amachotsedwa, ndipo saloledwa kubwereza. Onse atatu ankalidziwa lamuloli.

Madzulo a tsiku loti mawa lake ayamba, a Afke anati, "Ukafika ukaonane ndi mlangizi wa ophunzira. Ukamuuze za vuto lako. Amawonjezera nthawi pamayeso."

"Sindikauza munthu, Amayi. Kusekondale ndinali Wietske wa mapiritsi. Kukoleji ndikufuna ndikakhale Wietske basi."

"Manyazi amenewo adzakupweteka."

A Douwe sankalankhula kwambiri. Anamaliza kudya, n'kuloza botolo la mapiritsi limene linali pawindo.

"Pabotolopo pali dzina lako," anatero. "Ine ng'ombe yodwala sindiipatsa mankhwala a inzake, ngakhale zikutsokomola mofanana. Amenewo ndi ako wekha."

"Ndamva, Abambo. Ndani angafune mapiritsi anga?"

Chipinda mumzinda chinasowa, monga chimasowera chaka chilichonse. Wietske ankadzuka kukada, kukwera basi, kenako sitima. Nthawi zina basi inkamusiya. Nthawi zina ankatsika sitima chikwama chikupitirira ulendo. M'kalasi ankalowa mochedwa, tsitsi litanyowa, aliyense akumucheukira. Anayesa nyumba zingapo za ophunzira. Monga mwa mwambo, eni nyumba ankaitana onse ofuna chipinda nthawi imodzi, kuwakhazika pasofa, kuwafunsa mafunso, kenako iwo okha n'kusankha amene wawasangalatsa. Kulikonse Wietske ankalankhula kwambiri, ndipo kulikonse eni nyumba ankasankha wina.

Kenako kunatseguka chipinda m'nyumba ina yakale m'mbali mwa ngalande, pafupi ndi koleji. Mtsogoleri wa nyumbayo anali Annemijn, mtsikana wophunzira zamalamulo, wovala bwino, wolankhula mosathamanga. Pambali pake panali Teun, mnyamata wamtali wophunzira uinjiniya, amene ankapalasa bwato m'timu ya ophunzira. Ofuna chipinda anadzaza sofa mpaka ena anakhala pansi.

"Iwe wa kumapetoko," anatero Teun. "Kwanu n'kuti?"

"Kumudzi. Bambo anga amaweta ng'ombe."

"Ndiye ukudziwa kukama? Basi, dzina lako ndiwe Mkaka."

Onse anaseka, Wietske nayenso anaseka. Anayamba kufotokoza za ng'ombe, n'kulumphira pa za sitima, n'kulumphira pa za agogo ake. Ali mkati molankhula foni yake inalira. Dzanja linapita lokha m'chikwama, n'kutulutsa botolo.

"Mutu?" anafunsa Annemijn.

"Ayi, ndi mapiritsi anga a ADHD. Ndikapanda kumwa ndimaiwala ndi dzina langa lomwe."

Mawu anatuluka asanawaganize. Chinsinsi chimene anakana kuuza mlangizi anachiulula kwa anthu osawadziwa, pasofa yonunkha mowa. Annemijn anayang'ana Teun, Teun anayang'ana pansi akumwetulira. Wietske sanazione zimenezo.

Mawa lake a m'nyumba ija anamuimbira kuti chipinda ndi chake. Anaimbira mayi ake akudumpha.

"Andikonda, Amayi. Pa anthu onse aja asankha ine."

Masabata oyamba anali okoma. M'nyumbamo ankaphika mosinthana n'kudyera pamodzi patebulo lalitali. Teun ankamuseka, kumukonzera njinga, kumudzutsa akagonereza. Annemijn ankamubwereka majuzi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Wietske anali ndi gulu lake.

Itafika nyengo ya mayeso, Annemijn anagogoda pachitseko chake atanyamula makapu awiri a tiyi.

"Aise, mutu wanga waima. Mawa ndili ndi mayeso ovuta. Tandipatsako limodzi."

"Limodzi la chiyani?"

"Usadzipusitse, Mkaka. Theka la laibulale likumwa amenewo sabata ino. Kusiyana kwake n'kwakuti ako ndi enieni, ochokera kwa dokotala."

"Bambo anga anati ndisapatse munthu."

"Bambo ako ali ndi ng'ombe zawo. Muno m'nyumba timagawana zonse. Tchizi chako ndimadya, juzi yangayo wavala. Piritsi limodzi ndiye lakulira?"

Wietske anayang'ana juziyo. Anatsegula botolo.

Mawa lake Annemijn anamukumbatira pamasitepe. "Ndawerenga ngati makina. Ndiwe mngelo." Madzulo ake Teun anapempha lake. Kenako mnzake wa Teun. Sankamupatsa ndalama, ndipo Wietske ankadzitonthoza ndi zimenezo. Ankati, sindikugulitsa, ndikungothandiza anzanga.

Koma dokotala amalemba mapiritsi okwanira munthu mmodzi. Mwezi usanathe botolo linali lopanda kanthu, mayeso a Wietske mwini ali m'tsogolo. Anakhala pabuku la mafupa a munthu, tsamba limodzi kuliwerenga kangapo, osatolapo kanthu. Anadzuka kukatsuka mbale, anapezeka akupenta shelefu. Kumayeso oyesa kubaya jakisoni anapita Lachinayi, pamene anzake analemba Lachitatu.

Anapita kwa dokotala.

"Botolo ndinaliiwala m'sitima," anatero.

Dokotalayo anali mayi wachikulire woleza mtima. Anamwetulira. "Anthu a vuto lanu zimawachitikira. Musadzidandaule. Ndikulemberani ena."

Wietske anatuluka nkhope ikutentha. Vuto limene makolo ake anavutika nalo zaka zonse zija kuti alithetse, iye analisandutsa chofunda cha bodza. Ndipo bodzalo linagwira ntchito mosavuta, moti anadziwa kuti adzalinenanso.

Pa Khirisimasi anapita kwawo. Patebulo mwendo wake unkangogwedezeka mpaka makapu ankalira. Bambo ake akulankhula ankawadula mawu. M'mawa wina anasiya geti la khola lotsegula, ndipo a Douwe anathamangitsa ana a ng'ombe m'matope mpaka kumsewu.

A Afke anamupeza kukhitchini.

"Ukumwa mapiritsi ako?"

"Ndikumwa."

"Ndione botolo."

"Amayi, sindine mwana."

"Ndinakubereka ine. Wietske womwa mapiritsi ndimamudziwa, wosamwa ndimamudziwanso. Amene waima apayu ndi wosamwa. Akupita kuti mapiritsiwo?"

"Mwayamba kundiwerengera ngati okalamba anu a kuntchito? Ndatopa basi. Koleji si sekondale."

"Ngati pali amene akukudyera, nena lero. Tikonza. Ukachedwa sitidzatha."

"Palibe akundidyera. Ndili ndi anzanga, ndipo zikukupwetekani chifukwa sindikhalanso pakhitchini panu pano."

A Afke anapukuta manja, n'kutuluka. Wietske anabwerera mumzinda tchuthi chisanathe.

Mwezi wotsatira mlangizi wa ophunzira, Mayi Hoekstra, anamuitana ku ofesi.

"Wietske, zotsatira zako sizili bwino. Ukapitiriza chonchi, chaka chino ndi chomaliza. Koma aphunzitsi akuti ukagwira wodwala, manja ako ndi a namwino weniweni. Ndiye pali chimene chikukusokoneza. Ndiuze. Ntchito yanga ndi imeneyi."

Khomo linali lotsegula. Akanangonena mawu ochepa, akanapatsidwa nthawi yowonjezera, chipinda chabata cholembera mayeso, ndi munthu womuthandiza kukonza sabata yake. Koma kunena za ADHD kukanafika pa mapiritsi, ndipo mapiritsi akanafika pa Annemijn.

"Palibe, Mayi. Ndilimbikira."

"Ukasintha maganizo, ofesi ndi yomweyi."

Komabe mawu a mlangiziyo anamuopsa. Tsiku lomwelo anapeza Annemijn akudula anyezi kukhitchini.

"Sindiperekanso mapiritsi. Ndikulephera, Annemijn. Andichotsa."

Annemijn sanasiye kudula. "Mayeso anga aakulu ali mwezi wamawa."

"Pita kwa dokotala wako."

"Dokotala wanga akuti ndilibe vuto." Anaika mpeni pansi n'kumuyang'ana. "Tandiuza, Mkaka. Tsiku lija pasofa panali mtsikana woimba gitala. Panali mnyamata amene bambo ake ali ndi nyumba ku France. Ukuganiza kuti tinasankha iwe chifukwa cha nkhani za ng'ombe?"

Wietske anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Kukuthamangitsa sitingathe, lamulo silola," anapitiriza Annemijn. "Chipinda ndi chako. Khala."

Anakhaladi, koma nyumba inazizira. Pophika sankamuwerengeranso. Akalowa kukhitchini nkhani inkatha. Ankadya buledi kuchipinda kwake akumva anzake akuseka patebulo lalitali. Teun yekha ankamupatsa moni pamasitepe, koma motsitsa mawu, akucheuka. Munthu wina akanapirira, kapena akanaimbira kwawo. Wietske anapirira sabata imodzi. Kenako anatsika ndi botolo, n'kuliika pakati pa tebulo pafupi ndi mchere.

"Wabwera Mkaka," anatero Annemijn. "Mupatseni mbale."

Anapitanso kwa dokotala. Ulendo uno anati chikwama chinagwera m'ngalande. Dokotala sanamwetulire.

"Aka n'komaliza. Mankhwala awa si maswiti. Amathamangitsa mtima. Inu tisanakupatseni tinayamba takuyezani mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Munthu wosayezedwa akhoza kufa nawo. Mukuphunzira unamwino, mukudziwa zimenezi."

"Ndikudziwa, adokotala."

Ankadziwadi. Anali ataziphunzira m'kalasi mwezi womwewo.

Nyengo yozizira itatha, Teun zinamupanikiza. Mpikisano wa mabwato ndi mayeso ake a masamu zinagwera sabata imodzi. Anabwera kuchipinda kwa Wietske maso ali ofiira.

"Mkaka, mlongo wanga, ndipulumutse. Limodzi silikundigwiranso."

"Teun, mesa unanena kuti mtima wako nthawi zina umadumpha ukapalasa?"

"Umadumpha ukaona atsikana okongola."

"Ndikunena zoona. Ndipo amalume ako aja anamwalira ali mnyamata, anafa ndi chiyani?"

"Iwe, wayamba kale unamwino? Amalume ankasuta ngati fakitale. Ine ndine hatchi. Tagwira apa." Anamenya pachifuwa pake akuseka.

Wietske anali ndi zonse zofunika kuti akane. Koma Teun ndiye yekha amene ankamupatsa moni masiku ozizira aja, ndipo anaopa kumutaya. Sanafune kuti dzanja lake ndilo liwerenge mapiritsiwo, ngati kuti zimenezo zikanamuchotsera mlandu. Anamupatsa botolo lonse.

"Tenga wekha."

Loweruka m'mawa Wietske anali kukhitchini akupaka batala pabuledi. Kuchipinda chakumbuyo kunkamveka makina opalasira amene Teun ankachitira masewera. Patebulo panali zitini za zakumwa zopatsa mphamvu ndi kapu ya khofi. Makinawo analira, analira, kenako anasiya. Kunamveka chinthu cholemera chikugwa.

Wietske anapeza Teun ali chafufumimba, milomo itayamba kuda. Sankapuma.

Pamenepo mutu wa Wietske unakhazikika kuposa tsiku lina lililonse. Anamutembenuza, n'kuuza Annemijn kuti aimbire ambulansi. Anagwada, n'kuyamba kupsinja pachifuwa monga anamuphunzitsira, osapumira, mpaka manja anachita dzanzi. A ambulansi atafika anamugwedeza Teun ndi magetsi, ndipo mtima unayambanso.

Mmodzi wa iwo, bambo wa ndevu zoyera, anatembenukira atsikanawo.

"Mwachita bwino kwambiri. Tsopano ndiuzeni, wamwa chilichonse? Mankhwala, mapiritsi, chilichonse. Sindine wapolisi, ndikufuna kudziwa chomuthandizira."

"Khofi basi," anayankha Annemijn. Zala zake zinakanikiza mkono wa Wietske.

Bamboyo anayang'ana Wietske. "Inu?"

Wietske anayang'ana pansi. Sananene kanthu.

Ambulansi itachoka, Annemijn anatseka chitseko.

"Tamvera bwino, chifukwa malamulo ndimawadziwa ndine. Kupatsa munthu mapiritsi amenewo ndi mlandu, ngakhale sunalandire kanthu. Dzina lili pabotolo ndi lako, si langa. Apolisi akakulemba, palibe chipatala chidzakulola kukaphunzira ntchito. Unamwino wako uthera pomwepo. Taya botololo m'ngalande, ukhale chete. Teun ali m'manja mwa madokotala, athana nazo."

"Nanga akamupatsa mankhwala olimbana ndi amene wamwa?"

"Amayeza magazi. Si ntchito yako."

Wietske anatenga botolo lija kuchipinda kwa Teun, n'kukwera njinga kupita kuchipatala, botololo lili m'thumba la jekete. Podutsa pamlatho anaima. Madzi anali pomwepo. Sanataye, komanso sanaganize zokanena. Anangopitirira.

Kuchipatala anakhala pabenchi m'khonde. Patapita nthawi kunabwera mayi wina wamfupi atavala nsapato za m'nyumba, jekete atalivala mopotoza. Anali mayi ake a Teun.

"Ndiwe Wietske? Andiuza kuti ndiwe unamupsinja pachifuwa." Anamugwira manja onse awiri n'kuwapsompsona. "Mulungu akudalitse, mwana wanga. Madokotala akuti mtima ukungothamanga, sukukhazikika, ndipo sakumvetsa chifukwa chake. Mwana wanga samwa ngakhale mankhwala a mutu."

Wietske anachotsa manja ake, n'kupita pakona. Anaimbira kwawo. A Afke anayankha ali kukhola. Anawauza zonse, mothamanga, mosakaniza, kuyambira pasofa paja mpaka pamlatho. Mayi ake sanamudule.

"Wamaliza?" anafunsa.

"Amayi, ndikanena andichotsa. Sindidzakhalanso namwino."

"Namwino ndi amene amanena zimene wodwala wamwa. Ukakhala chete lero, ngakhale atakupatsa yunifolomu, sudzakhala namwino. Imirira."

"Amayi..."

"Imirira, Wietske. Mwana wa eni ake ali pabedi. Pita kwa namwino amene ali pafupi. Foni usadule, ndikufuna ndimve ndi makutu anga."

Wietske anaimirira. Anapita pa desiki, n'kuika botolo patsogolo pa namwino.

"Teun wamwa awa. Ndi anga. Ndinamupatsa ndine. Angati sindikudziwa, koma ndi ambiri, ndipo wakhala akumwa kwa miyezi."

Namwinoyo anatenga botolo n'kuthamanga nalo. Posakhalitsa kunatuluka dokotala wachinyamata, n'kumufunsa mafunso angapo mwachangu. Pomaliza anati, "Zimenezi tinkafunika kuzidziwa pamene ankalowa pakhomo paja." Sanakalipe. Anangotembenuka n'kubwerera mkati.

Mayi ake a Teun anamva zonse ali pabenchi. Sanatukwane. Anayang'ana manja awo, n'kuwapukuta pajekete, n'kusuntha kukakhala kumapeto kwa benchi.

Teun sanafe. Anapezeka kuti anabadwa ndi vuto la mtima limene silinkadziwika, ndipo mapiritsi aja pamodzi ndi zakumwa zija zinaliutsa. Anamuika kachipangizo kothandiza mtima m'chifuwa. Bwato sanapalasenso. Kwa miyezi yambiri mawu ankamuthawa pakati pa chiganizo, ndipo sukulu anaisiya.

Apolisi anabwera. Annemijn anati sadziwa kanthu, sanamwepo piritsi la munthu, ndipo anati Wietske anali mtsikana wosokonekera kuyambira kale. Enawo anagwirizana naye. Annemijn anamaliza maphunziro ake. Za iye zikathera kwa Mulungu, ife sitikuzidziwa.

Wietske anaulula zonse, ndi mabodza awiri a kwa dokotala omwe. Anapatsidwa chilango chogwira ntchito zothandiza anthu popanda malipiro. Chipatala chimene chinayenera kumulandira kuti akaphunzire ntchito chinakana. Mayeso omaliza analephera. Mayi Hoekstra anamuuza okha, maso ndi maso, kuti wachotsedwa pakoleji.

"Ukanandiuza tsiku lija, Wietske. Ophunzira a vuto lako ndili nawo ambiri, ndipo amamaliza bwinobwino. Tsopano manja anga ndi omangika."

A Douwe anabwera kudzamutenga ndi ngolo yonyamulira ng'ombe, atayitsuka bwino. Anakweza bedi, desiki ndi njinga. M'nyumbamo palibe amene anatsika kudzathandiza. Ali m'njira Wietske anati, "Abambo, nenani chilichonse. Ndikalipireni."

"Ndikakukalipira mnyamata uja apalasanso bwato?" anatero a Douwe akuyendetsa. "Unalakwa kwambiri. Kenako unanena zoona pamene zinali zodula. Zonse ziwiri ndi zako. Mawa kukama ndi faifi koloko."

Chilimwe chitatha Wietske anapita kukaona Teun kwa makolo ake. Anamupeza atakhala pabwalo, ataonda, bulangete lili pamiyendo. Mayi ake anatsegula chitseko koma sanamupatse moni.

"Mkaka," anatero Teun pang'onopang'ono. "Usalire. Ndinapempha ndine."

"Unapempha ndiwe, koma wodziwa ndinali ine."

Teun sanatsutse. Anakhala limodzi kanthawi, kenako Teun anatopa, ndipo Wietske ananyamuka.

Lero Wietske amagwira ntchito kufakitale ya tchizi, m'mawa ndi madzulo n'kumathandiza kukhola. Mapiritsi ake amamwa yekha, pa nthawi yake, ndipo abwana ake anawauza za vuto lake tsiku loyamba lomwe. Kutchalitchi anabwerera. Ndi mtsikana wabwino, ndipo ife tonse timamukonda.

Chaka chatha a Douwe anapondedwa ndi ng'ombe phazi, bala n'kuvuta kupola. Achipatala anatumiza namwino woyendera odwala m'makomo. Amene anatsika m'galimoto anali mtsikana wa msinkhu wa Wietske, amene ankakhala naye benchi imodzi m'kalasi chaka choyamba chija.

"Wietske? Ndiwe? Ukugwira chipatala chiti masiku ano?"

"Sindikugwira chipatala. Bambo ali mkatimu."

Namwinoyo anagwada n'kumasula bandeji. Anapempha wina woti agwire beseni. Wietske anagwira beseni. Anaonerera manja a mnzakeyo akutsuka bala la bambo ake, ndipo chilichonse chimene ankachita iye ankachidziwa chisanachitike. Atamaliza anakataya madzi, n'kutsuka beseni, n'kukhala kubafa nthawi yaitali.

Inu achinyamata amene mukupita kukoleji, imvani bwino. Wietske sanagwe chifukwa cha ADHD. Ndi vuto lomwelo anakhoza sekondale, ndipo akanakhoza koleji. Anagwa chifukwa anachita manyazi kupempha thandizo kwa oyenera, anagula ubwenzi ndi chinthu chimene sichinali chogulitsa, ndipo bodza loyamba litamuyendera bwino ananena lachiwiri. Ngati muli ndi vuto ngati lake, kauzeni mlangizi sabata yoyamba. Mankhwala amene dokotala wakulemberani musapatse munthu, ngakhale akulira, ngakhale ndi mnzanu wapamtima. Inu amene mulibe vutoli, musapemphe. Ndipo anthu akakusalani chifukwa mwakana kuchita choipa, nyamulani katundu wanu mudakali ndi mpata. Kudya nokha kuchipinda kumawawa, koma kumatha. Zimene zinachitikira Teun ndi Wietske sizinathe.